Dzina la Matenda a Vailet

Nyemba za chaka chimenecho zinali zofumbwa. Ndinakhala pakhonde lichero lili pamiyendo, ndikusankha imodziimodzi: yabwino m'mbale, yobooka pansi kuti nkhuku zitole. Anankafumbwe ankatuluka m'timabowo nkumayenda pa zala zanga, ine nkumawaphwanya ndi chikhadabo. Sindinkafulumira. Ndikamaliza ndinayenera kulowa m'nyumba, ndipo m'nyumbamo munali amalume Lyford.

Amalume Lyford ndi achimwene awo a amayi. Anaphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka anapuma ntchito, ndipo chichokereni akazi awo ankadya kwathu. Nyumba yawo inali kuseri kwa tchalitchi, pa Chiparamba pomwepo. Ankafika dzuwa likamayandikira pamutu, nkukoleka jekete pa msomali, nkukhala pa mpando wa malemu bambo. Palibe anawaitanapo. Palibenso akanawabweza, poti ndi malume.

Kale ndinkawakonda. Ine ndine munthu wosalankhula. M'kalasi ndinkadziwa yankho koma dzanja silinkakwera. Amalume okha ndiwo anaona kuti ndimamvetsera, ndipo anayamba kundiphunzitsa kusenda mawu.

"Mawu a sayansi si Chingelezi, Zelipa," ankatero. "Angelezi anachita kutola kwa Agiriki. Uziwasenda ngati mtedza, uone zili m'kati."

Anandisendera toxic. Toxon ndi uta. Alenje ankapaka poizoni pa mivi, ndipo dzina la uta linatsetserekera ku poizoniyo. Anandisendera anaemic: an, palibe, haima, magazi. Chronic amachokera ku chronos, nthawi, ndiye kuti chinthu chokhalitsa, chosafuna kuchoka. Ndinkapita kusukulu ndikuwatafuna mawuwo m'kamwa, ndikumva ngati ndabisa shuga m'thumba.

Kenako achemwali anga a Vailet anabwerera kuchokera ku Kitwe. Ankagwira ntchito yotayipa makalata muofesi kumeneko, ndipo amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho. Anatsika basi atavala diresi imene kale inkawathina, tsopano ikulendewera ngati yobwereka. Ankatsokomola. Pakhosi ndi m'miyendo anali ndi zilonda. Tinawagoneka m'chipinda changa, chimene khoma lake silinafike kudenga, moti zonse zolankhulidwa pathebulo zinkamveka. Matendawo palibe anawatchula dzina. Amayi a kutchalitchi akabwera kudzapemphera ankaimirira pakhomo, nkuimba ndime imodzi, nkumapita.

Amalume ndiwo anali ndi mayina ambiri, ndipo ankawatchula akudya.

"Zilonda zimenezo ndi septic," anatero tsiku lina, akuswa fupa la nkhuku ndi mano. "Zelipa, septic?"

Ndinayang'ana m'mbale.

"Chowola. Agiriki ankanena za nyama yoti yayamba kununkha." Anayamwa mafuta a m'fupalo mokweza, nkulavulira tizidutswa pathebulo, pambali pa mbale yanga. Msuzi unali utawayenderera mpaka m'ndevu. Anatola kamtengo ka machesi nkuyamba kutokosa m'mano, ndipo chimene anatokosolacho anachiyang'ana kaye, nkuchibwezera m'kamwa. Kuseri kwa khoma a Vailet anasiya kutsokomola. Ndinadziwa kuti akumvetsera. Chingelezi ankachidziwa kuposa ine.

Amayi sanapite patali ndi sukulu. Kwa iwo mawu aliwonse otha ndi iki anali a dokotala, ndipo ankawalandira ndi manja awiri.

Tsiku lina anaphika dzira la a Vailet. Nkhuku zathu zinali zitachepa, ndipo limenelo linali lokhalo. Akudutsa nalo pathebulo, amalume anatambasula dzanja nkulitenga m'sosala.

"Adzangosanza uyo. Kuwononga." Analigogoda pa mphepete mwa thebulo nkuyamba kusenda. "Emma, ndikuuze zoona. Nkhani ya m'chipindamo tsopano yafika pa parasitic."

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Iwo omwe anandisendera, tsiku limene anandionetsa chithunzi cha njoka ya m'mimba: para, pambali, sitos, chakudya. Chodya za wina. Nkhope yanga inatentha.

Koma nkhope ya amayi inawala. M'makutu mwawo munamveka parasetamo, mapiritsi aja ogula pagolosale.

"Parasitiki?" anafunsa. "Ndiye kuti matendawa ali ndi dzina? Mankhwala ake alipo, achimwene?"

Amalume anaseka dzira lili m'kamwa, tinyenyeswa ta dziralo nkugwera pa malaya. Sanawakonze. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Zelipa, akuti chiyani?"

"Ndi mawu a sayansi, amayi," ndinatero.

Lamlungu lomwelo amayi anauza anzawo pabwalo la tchalitchi. Ndinali kumbuyo kwawo, nditanyamula Baibulo lawo.

"Achimwene apeza dzina. Si zija anthu akunong'onezanazi ayi. Ndi parasitiki."

"Parasitiki, eti," anatero amayi a Bonifasi, akugwedeza mutu. "Ndinamvapo. Imayamba ndi madzi a pachitsime."

Sabata imeneyo amayi a kutchalitchi aja analowa m'chipinda. Wina anakhala pabedi. Wina anawapesa tsitsi a Vailet. Amayi anga anayamba kuimba akamasesa, zimene anali atasiya kalekale. Ndinkaona zonsezi ndipo ndinkamva nseru, chifukwa ndinkadziwa kuti chimene chatsegula chitseko chija ndi chitonzo. Komabe chitseko chinali chitatseguka. Ndikanayamba bwanji kuchitseka?

Amalume anaona kuti mawu awo agwira, ndipo anamangapo nyumba. Anati parasitiki imafuna mpweya wa kumudzi. Anati wodwalayo ayenera kupatulidwa kuti mankhwala a m'thupi agwire bwino ntchito. Anapangana ndi dalaivala wa lole yonyamula thonje kuti Loweruka m'mawa akawasiye a Vailet ku Kasenengwa, kwa azakhali a malemu bambo. Azakhaliwo ndinkawadziwa. Maso awo anali atachita khungu, madzi ankatungiridwa ndi ana a eni ake akakumbukira, ndipo chipatala chinali kutali koti munthu wosayenda sangafikeko. Amayi anavomera. Ankakhulupirira kuti akutumiza mwana wawo kokachira.

Nchifukwa chake Lachisanu limenelo ndinkasankha nyemba pang'onopang'ono. Nditamaliza ndinazipereka kukhitchini, kumene amayi ankasosola nkhuku yotsazikira, ndipo ndinazemba kulowa kuchipinda.

A Vailet anali atakhala tsonga, akupinda zovala. Ankapinda mosamala, ngodya ndi ngodya, monga ankachitira ndi mapepala kuntchito.

"Chitenje changa chobiriwira chija chauma?" anafunsa.

"Chauma, achemwali."

"Undiikire pamwamba. M'lole mumazizira." Anandiyang'ana nkumwetulira ndi milomo yosweka. "Usandiyang'ane choncho, iwe. Ndinamva tsiku lomwe lija. Dikishonale ndinali nayo pa desiki."

"Bwanji osawauza amayi?"

"Wawamva akuimba?" Anasalaza bulauzi ndi chikhatho. "Asiye aimbe. Komanso mwina amalume sakunama. Ndimadya, sindilima."

Chakudya anali atachisiya dzulo lake. Phala la m'mawa linali pansi pa bedi, litauma pamwamba, ntchentche ikuyendapo. Ndinatola mbaleyo nkutuluka nayo.

Masana tinakhala pathebulo atatu: amalume, amayi ndi ine. Amayi anali atapatula chiwindi ndi nthutumba m'kambale kuti a Vailet ayese. Kambaleko anakaika pakona, atavindikira. Amalume anapemphera pemphero lalitali, lotchula odwala ndi a paulendo. Atanena ameni anavundukula kambale kaja.

"Izi zikazizira sizikoma," anatero.

Ndinaona chiwindi chikulowa m'kamwa mwa amalume, ndinamva chikuphwanyika. Ananyambita chala chachikulu, kenako cholozera, kenako anapisa chala chomwecho m'mbale ya nyemba kuchotsa kanthu kakuda.

"Nankafumbwe," anatero, akundionetsa. "Wasankha ndi maso otseka, mwana wa sayansi?" Anamupukutira pa nsalu ya thebulo.

"Achimwene," anatero amayi mwaulemu, "ndimati ndifunse. Kumudziko akakhala nthawi yaitali bwanji kuti parasitikiyo ithe? Ndimafuna adzakhale atabwera pa Khirisimasi."

"Zimenezo sitipangira masiku, Emma. Chachikulu nkuchotsa pakhomo. Chinthu cha parasitic ukachisunga chimamaliza mwini nyumba." Anameza. "Zelipa akudziwa. Ndinamuphunzitsa ndekha. Si choncho, Zelipa?"

Ankadziwa kuti ndiyang'ana pansi. Moyo wanga wonse ndinkayang'ana pansi. Ndinayang'anadi, ndipo pansalu panali nankafumbwe uja, woswedwa, pafupi ndi tizidutswa ta mafupa otafunidwa. Kuseri kwa khoma zipi ya chikwama inalira, nkuima pakati, poti mphamvu zinawathera a Vailet.

"Inde, amalume," ndinatero. "Munandiphunzitsa."

"Mwamva?" anatero amalume kwa amayi.

"Amayi, parasitiki si matenda."

Mawu anga anatuluka aang'ono, moti amayi anaweramira kwa ine.

"Ukuti chiyani?"

"Si matenda, ndipo ilibe mankhwala. Para ndi pambali. Sitos ndi chakudya. Ndi dzina la njoka za m'mimba, nsabwe, nkhupakupa, zinthu zokhalira kudya za wina. Amalume akunena kuti achemwali ndi nkhupakupa. Akhala akunena zimenezo pathebulo pano, achemwali akumva."

"Zelipa," anatero amalume, "tseka pakamwa. Sayansi ya giredi 12 isakupenge."

Amayi sanawayang'ane. Ankayang'ana ine, ndipo kuwala kuja kunali kukuzima pankhope pawo. Ndinamva chisoni, koma ndinali nditayamba.

"Ndiye matenda ake ndi chiyani?" anafunsa motsitsa.

"Mukuwadziwa, amayi. Tonse tikuwadziwa. Ndi omwe aja anatenga alamu. Ku Kasenengwa sakukachira. Akukafera kwaokha, popanda wowapatsa madzi."

Amayi anaika manja pathebulo, onse awiri, ngati pansi pagwedezeka. Amalume anakankha mpando.

"Emma, mwana uyu wasowa mwambo. Ine ndine mwini mbumba pano."

"Simunamalize kuwauza amayi, amalume," ndinatero. Mawu anga tsopano anali atakula. "Tsiku lija munandiuzanso china. Munati kwa Agiriki mawuwa poyamba sanali a njoka ayi, anali a munthu. Munthu wodziwa nthawi imene anzake amapakula, wofika nkukhala pambali pa mbale ya mwini wake, nkumalipira ndi nkhani zokoma. Munaseka kwambiri pondiuza."

Dzanja la amalume linali likadali m'kambale kaja, pa nthutumba.

Ndinaimirira nkukoka kambaleko. Dzanja lawo linatsala m'malere, likudontha msuzi.

"Achemwali sanadye kuyambira dzulo, chifukwa anakukhulupirirani. Izi ndi zawo. Lole ikabwera mawa ndikaiuza ndekha kuti ibwerere; ndiziwasambitsa ine, ndiziwadyetsa ine, ndipo akamwalira adzamwalirira m'nyumba ya bambo awo. Inu mukafuna kudya muzibwera, amalume, mbale sitikubisirani. Koma mawu anuwo muziwasiya pa msomali pamodzi ndi jekete. Amandichititsa nseru."