Tchesi ya Pabalaza pa a Obed

Mirriam atamaliza kumangira makolo ake nyumba ya malata ku Tsangano, anabwera kuchokera ku Blantyre ndi katoni yolemera. Munali tchesi ya miyala yosalala, ina yoyera, ina yobiriwira moderako. Anayala bolodi patebulo la pabalaza n'kundandalika tizidole tonse: mafumu, mahatchi, nsanja, ndi tiasilikali kutsogolo.

"Ichi n'chokongoletsera nyumba, ababa," anauza bambo ake, a Obed. "Musamagwiregwire."

Mayi ake, a Esnath, ankapukuta kachidole kalikonse m'mawa n'kukabwezera pamalo pake. Amayi a kutchalitchi akabwera kudzacheza, ankayamba aima kaye chapatali, manja kumbuyo, kuyamikira kunyezimira kwake.

Tsiku lina m'nyengo yozizira kunabwera a Maliro, mlongo wawo wa a Esnath, kudzathandiza kusankha mbatatesi. Koma kunja kunachita nkhungu ndi kamvula kowaza, ndiye amuna awiriwo anangokhala pabalaza. A Maliro anali katswiri wa drafuti kumsika, ndipo maso awo sankachoka pabolodi paja.

"Alamu, timabokosi iti si tofanana ndi ta drafuti?"

"Mwana analetsa," anayankha a Obed, koma mpando anali atausendeza kale.

Anasewera. Kwa iwo mfumu, hatchi ndi msilikali zonse zinkayenda mofanana, ndipo kachidole kakafika kutsidya ankakaveka chitsekerero cha botolo kumutu. A Esnath atawapeza anagwira pakamwa, nanena kuti iwo nkhaniyi sakuidziwa. Koma pobwera ndi tiyi anaima kumbuyo kwa amuna awo.

"Idyani icho, inu! Simukuona?"

Kuyambira pamenepo, ntchito ya kumunda ikatha, a Maliro sankapitanso kumsika.

Loweruka lina Mirriam anatulukira osanena. Anapeza hatchi yoyera itavala chitsekerero, bambo ake atagwira nsanja m'manja mmene munali dothi. A Maliro ndi a Esnath nawonso anali pomwepo. Iye anayang'ana bolodi, kenako nkhope za akuluakulu atatuwo, zomwe zinali ngati za ana ogwidwa akunyambita shuga. Kuseka kunamupulumuka.

"Amalume, hatchi siyenda choncho."

"Nanga imayenda bwanji?"

Anaika chikwama pansi, nawaonetsa: kutsogolo kawiri, kenako kumbali. A Obed anapukusa mutu.

"Imeneyo yaledzera. Ifetu zathu zimayenda bwinobwino."

Anayesa malamulo a Mirriam kwa kanthawi, koma a Maliro ankangoiwala n'kudumpha mfumu. Pomaliza anamuuza kuti akhale pansi aphunzire za kumudzi. Amalume akewo anamudya tizidole tonse tiyi wake asanazizire, iye n'kupempha kuti abwerezenso.

A Esnath anabweretsa mbatatesi yophika yothira mchere, naiika pampando chifukwa patebulo panalibe malo.