Tsamba Lobiriwira

"Kodi chomera cha masamba ofiira chinayamba liti kuphuka tsamba lobiriwira?"

Anafunsa motero ndi Nesi. Mwamuna wake anapitiriza kupaka majarini pabuledi yemwe anali atapakapo kale. Mlamu wake, mchemwali wa mwamunayo, anayamba kufunafuna supuni yomwe inali m'manja mwake.

Nesi anali atagwada patsogolo pa thanki yagalasi ya nsomba, atavala kale yunifolomu. Pakati pa timiyala, katsamba katsopano kanali katasuzumira, kobiriwira ngati letesi.

Chomeracho chinali cha malemu mkulu wake. Chimamera pakachinthu kobulungira ngati anyezi, moti m'nyumbamo ankangochitchula kuti Anyezi. Malemuwo anamusiyira ndi malamulo ake omwe. Osakakwirira konse, theka lizioneka, apo ayi kamawola. Masamba akafota sikuti kafa, kakupuma: kachotse m'madzi, ukasunge m'chitini cha mchenga wonyowa kwa milungu isanu ndi umodzi. Zaka zinayi Nesi sanaphonye, ndipo zaka zinayi Anyezi ankadzuka ndi masamba ofiira.

Chaka chino anaika chitinicho pansi pa sinki n'kupita kumaphunziro a milungu iwiri.

"Alamu," anatero osatembenuka, "zopanira zovala zija mukusunga m'chitini chanji?"

Mlamuyo anaulula mwachangu ngati munthu amene watopa ndi katundu. Anati ankakonza kukhitchini, anapeza chitini cha mchenga muli kanthu kokwinyika, n'kukhuthulira m'bini, m'chitinimo n'kuikamo zopanira zovala. Achimwene ake anazindikira mawa lake, galimoto ya zinyalala itadutsa kale. Anathamangira kusitolo ya nsomba, anagula kena kofanana kukula, anakaika mumchenga m'chitini china, n'kumulumbiritsa kuti asatsegule pakamwa.

"Ndinauza wogulitsayo kuti ndikufuna kofiira," anatero mwamunayo. "Iye anati tonse n'timodzimodzi."

"Kwa inunso n'timodzimodzi."

"Mayi, ndinkaopa kuti mulira."

Nesi anaimirira n'kusasa maondo. Za bini sizinamupweteke kwenikweni, munthu amalakwitsa. Chomwe chinamuwawa ndi mwezi wathunthu umene anakhala akudonthezera madzi m'chitini chija, n'kumakanong'oneza kanthu kachilendo nkhani zomwe akanauza mkulu wake. Mwamunayu ankamuona. Tsiku lina mpaka anam'gwirira tochi pansi pa sinki n'kufunsa ndi nkhope yowongoka kuti, kodi Anyezi wa alamu adzuka liti? Tsiku lobzala ndiye amene anam'pindira mkono wa juzi kuti usanyowe.

Mlamu anati akhoza kukazula kobiriwirako pompano. Mwamunayo anati afunsa m'sitolo zonse mpaka apeze kofiira kenikeni, ngakhale tiwiri.

"Kofiira kenikeni," Nesi anabwereza, ngati akuwerenga dzina la mankhwala olakwika.

Anapinda mkono wa yunifolomu yekha n'kulowetsa dzanja m'madzi. Nsomba zinabalalika. Anakankhira kumbali timiyala tomwe tinatsetserekera pamwamba pa kaanyezi kachilendoko, mpaka theka lake linaonekanso. Kenako anathira chakudya cha nsomba, anapukuta dzanja, n'kutenga chikwama.

Pakhomo anaima.

"Kobiriwirako musakakhudze. Loweruka mupeze galimoto. Thankiyi ikakhala kuntchito kwanga."