Nsapato Zoyera za ba Maud

Mvula ikakhazikika ku komboni ya Kuku, munthu sasiya kanthu pansi. Zonse zimakwera pamisomali: thumba la ufa, bulangete, jekete la kutchalitchi. Kunyumba kwa ba Silas Daka nsapato zawo zakuda zinkalendewera m'pulasitiki, pafupi ndi za akazi awo, ba Maud. Potuluka umavala majombo, nsapato zabwino uli nazo m'manja, ukazivalire kumene kuli kouma.

Ba Silas anali m'busa wa kampingo kakang'ono kuseri kwa msika. Chaka chimenecho madzi analowa m'tchalitchi mpaka m'akakolo, ndipo sanatulukenso. Anthu anayamba kuchepa. Ambiri anawoloka msewu kupita kwa Hosea Chilekwa, m'busa wachinyamata wamasipika aakulu, amene tchalitchi chake chinali pamalo okwera. Otsala anali nkhalamba ndi amayi ochepa, opemphera mapazi ali pabenchi. Maondo a ba Silas ankawawa, ndipo panalibe wowafunsa. Mumtima anali atagamula kale: Lamulungu likudzalo adzauza anthu kuti mpingo watha, kiyi adzabweza kwa mwini malo.

Ba Maud ndiwo anawakankha kuti apite ku maphunziro a abusa ku Chawama.

"Nikachiteko chani?" anatero ba Silas. "Nibaziba baja. Bakupasa banzi na tiyi, bakukopa chithunzi, batumiza kwa bakulu bawo. Iwe ubwelela mumanzi yako."

"Yendani chabe, batate bake Tiza. Olo banzi mukadye. Muno mungonikwiyila monga ndine nigwesa mvula."

Linali Lachinayi, kunja kuli mdima wa mitambo. Ba Silas anachotsa pulasitiki pamsomali osayang'anamo, n'kudutsa m'madzi mpaka kumsewu. Kondakitala wa minibasi anadandaula za matope njira yonse, koma ndalama analandira.

Msonkhano unali m'tchalitchi chachikulu cha matailosi. Pakhonde panali mzere wa majombo a abusa amene anafika kale. Ba Silas anakhala pabenchi, anavula jombo imodzi, n'kutsegula pulasitiki. Munali nsapato zoyera zansalu, zazing'ono, zimene ba Maud ankavala ku chigwirizano cha amayi.

"Ba busa, majombo panja," anatero mayi wolandira alendo pakhomo. "Tangokolopa manje manje."

Ba Silas anayang'ana phazi lawo lotupa ndi sokosi yobooka kuchala. Anasuzumira mkati, n'kuona mataye ndi nsapato zonyezimira. Ayi, munthu wa imvi sangakaime pakati pa anthu otero chopanda nsapato. Anabweza jombo kuphazi. Akanapita kwawo pomwepo, koma mvula inali itayambanso, choncho anangokhala pansi pa zenera, pulasitiki ili pamiyendo.

Wophunzitsa anali ba Whyson Sakala a ku Matero, bambo wamkulu wa mawu otsika. Ba Silas ankadikira kumva za kupereka ndi za kukulitsa mpingo, nkhani zimene amakonda anthu ogona pouma. Koma ba Sakala anafunsa china.

"Ndani pano anadwalapo, m'busa mnzake n'kubwera kudzamuona?"

Palibe amene anakweza dzanja.

"Chabwino. Nanga ndani waganizapo zotseka mpingo wake chaka chino? Musachite manyazi, ine niyamba."

Ba Silas anadzuka pang'ono n'kusuzumira pazenera. Dzanja la ba Sakala linali m'mwamba. Lina linakwera kumbuyo, kenaka lina, mpaka manja anachuluka. Ndipo kutsogolo, m'suti yabuluu, Hosea Chilekwa naye anali atakweza lake. Chilekwa wamasipika! Ba Silas anakhalanso pansi mosadziwa kuti akwiye kapena aseke.

Ba Sakala anaphunzitsa nthawi yaitali. Anati m'busa amayendera odwala a anthu onse, koma iye akagwa amagwa yekha. Anati mpingo wa tsidya la msewu si mdani. Analongosolanso mmene ungagawire ntchito kwa akulu a mpingo usanathyoke msana. Potsiriza anawauza kuti akhale m'magulu, aliyense ndi a kudera kwake.

Chilekwa anatuluka kudzafuna anthu a ku Kuku, n'kupeza ba Silas. Maso ake anagwera pa nsapato zoyera zija.

"Ba tata! Mwangena chigwirizano cha bamayi?"

"Seka," anatero ba Silas. "Unanitengela bantu, tenga na nsapato izi."

Chilekwa anaseka mpaka kugwira chipilala, kenaka anakhala pabenchi pomwepo.

"Nanga iwe kwanja wenze unyamulila chani?" anafunsa ba Silas. "Si ndiwe wamene sitigona na chongo cha masipika yako?"

"Bantu nibambili, ba tata, koma aliyense afuna chozizwitsa lelo lelo. Chikachedwa, ayenda kwina. Sabata yatha tinaika mwana kumanda. Banayang'ana ine kuti nikambe. Nenze nilibe mau. Nangoimilila chabe na maikolofoni."

Ba Silas anali ataika maliro ambiri moti sankawakumbukira onse, ndipo ankadziwa mmene pakamwa pamaumira pamenepo.

Ba Sakala anatulukira pakhomo, mayi uja atawanong'oneza. Sanafunse za majombo. Anangoitana gulu la ku Kuku ndi Chawama kuti likumanire pakhonde, ati mkati mwatentha. Anthu anatulutsa mipando. Lamulo la gulu linali loti aliyense anene chimene chikumulemera, ndipo anzake asankhe chinthu chimodzi choti amuchitire ndi manja, osati pemphero lokha.

Ena analankhula za lendi, ena za akulu a mpingo osamvera. Ba Silas anadikira mpaka onse anatha. Sankafuna kupatsa alendo nkhani yokaseka m'minibasi. Koma ba Felistus, mtsogoleri wa amayi wa ku Chawama, anawayang'ana osaphethira.

"Imwe ba Daka, simunabwele kuzalonda majombo yathu. Kambani."

"Pa Sondo nitseka tchalitchi," anatero. "Manzi yafika apa. Bantu bayenda. Ine nalema."

Anadikira ulaliki, poti abusa salephera kulalikira munthu wogwa. Ba Sakala anangogwedeza mutu.

"Tipaseniko Chiweru chabe. Ngati nikutseka, mukatseke pouma."

Tiyi ndi banzi zinabweradi, chithunzi anajambulanso. Ba Silas anaima kumbuyo kuti majombo asaoneke. Atafika kunyumba anapeza ba Maud atayika nsapato zakuda patebulo.

"Nayenda ku chigwirizano na vimabwato ivi mupulasitiki," anatero ba Maud. "Bamayi baseka mpaka nyimbo yalephereka."

Loweruka ba Silas sanayembekezere munthu. Malonjezo a pamsonkhano ankawadziwa: amathera pageti. Anapita kutchalitchi kukatsitsa nsalu ya patebulo ndi belu lawo la chitsulo cha galimoto. Ali mkati anamva mawilo a mawilibala.

Anali a gulu lija. Ba Sakala m'majombo, buluku atalipinda. Ba Felistus ndi amayi anzawo atasenza matumba a zidutswa za njerwa. Chilekwa anabwera ndi amuna a mumpingo mwake, ena mwa iwo anthu amene ba Silas anawabatiza ndi manja awo. Amenewo anapereka moni maso ali pansi, n'kugwira mafosholo msanga. Anakumba ngalande kuchokera pakhomo mpaka kumsewu, anatunga madzi ndi ndowa, anathira njerwa ndi mchenga n'kupondaponda.

Ba Silas ankayang'anitsitsa mabenchi, kuopa kuti ena angawoloke msewu. Palibe linasowa. Atafuna kugwira fosholo, ba Felistus anawalanda.

"Nkhalani pansi. Lelo ndimwe odwala, ise tabwela kukuonani."

Anakhala. Panali patapita zaka zambiri munthu asanawauze mawu otero, ndipo anayang'ana kumbali ngati akuyesa ngalande ndi maso.

Pochoka Chilekwa anatsalira.

"Ba tata, maliro yakachitika kwanga, nizabwela kukutengani. Muzikamba imwe, ine nizimvela."

"Uchepeseko masipika pa Sondo."

"Pang'ono."

"Maningi."

Lamulungu pansi panali ponyowa, koma mapazi anaponda pansi. Anthu sanadzaze, anabwera omwe aja, ndi banja limodzi lobwerera limene linakhala kumbuyo. Tsidya la msewu nyimbo zinkamveka, koma mwaulemu. Ba Silas anaima kutsogolo m'nsapato zawo zakuda, kiyi ili m'thumba. Mawu otsekera anali atawakonza kalekale. Anayang'ana njerwa zija pansi pa mabenchi, anayang'ana ba Maud.

"Abale," anatero, "kuli anthu anatikumbukira. Tiyeni tiimirire, tithokoze Mulungu chifukwa cha iwo. Sabata yamawa tidzakumana pompano."

Atabwerera kunyumba anapachika kiyi pamsomali wake. Kenaka anatenga nyundo, n'kukhomera nsapato za ba Maud msomali wina kukhoma la tsidya.