Sabata Yaulere ya Amayi

Ntchito yanga inali yokonda anthu kwa mphindi zinayi. Zikakwana zinayizo, kanyali ka pakompyuta kankasanduka kofiira, ndipo ndinkayenera kutsanzika mwaulemu n'kuyamba kukonda wina.

Kampani yathu inkagulitsa masewera olimbitsa thupi pa intaneti, a anthu ovutika msana ndi mawondo. Munthu ankalembetsa pafoni n'kumaonera mavidiyo a mtsikana wina woonda, amene sindikhulupirira kuti bondo linamupwetekapo chibadwire, akupinda mwendo n'kumamwetulira. Sabata yoyamba inali yaulere. Ife asanu ndi mmodzi, m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya matayala, tinali mbali ya ulerewo. Aliyense wolowa kumene ankaimbiridwa foni ndi munthu weniweni kawiri. Tsiku loyamba tinkamulandira, tsiku lachisanu ndi chimodzi tinkamunyengerera kuti akhale membala wolipira mwezi ndi mwezi. Nambala sitinkasankha tokha. Kompyuta inkaimba yokha, ife n'kumangowerenga mawu olembedwa papepala lokutidwa ndi pulasitiki, ndipo zonse zinkajambulidwa.

Bwana wathu tinkawatcha a Chandamale, chifukwa ngakhale moni wawo unkathera pa mawu amenewo. Ankakonda kunena kuti zaulere ndi nyambo, ndipo nyambo si chakudya cha nsomba. Mafoni athu ankawasonkhanitsa m'kabasiketi m'mawa uliwonse, n'kutibwezera poweruka.

Poweruka pamenepo m'pamene ndinkapeza kuti amayi aimba. Kawiri, nthawi zina kanayi. Ankakhala okha kumapeto kwa tauni, ulendo wa maminibasi awiri, m'nyumba imene bambo anatisiyira. Anagwira ntchito yokolopa pasukulu ina zaka makumi awiri, ndipo mphoto yawo inali miyendo yotupa. Amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Anga mwendo sunali wochepa, unali ngati mtondo. Ndinkawakonda, ndisaname. Koma munthu amene walankhula ndi anthu makumi asanu ndi atatu kuyambira m'mawa, kukhosi kumakhala kouma ngati wameza utuchi, ndipo amayi sankadziwa foni yaifupi. Ankayambira denga lodontha, kudutsa pa mbuzi za aneba, n'kukathera pa funso lakuti mkamwini adzamuona liti. Choncho ndinkalemba uthenga wakuti ndikuimbirani mawa. Mawa lake ndinkalembanso womwewo, moti foni yanga inauloweza, inkaumaliza yokha ndikangolemba chilembo choyamba.

Lolemba lina m'mawa, kompyuta inaimba nambala imene ndinaizindikira isanathe n'kuoneka yonse. Ndinaganiza kuti maso akundinamiza. Foni inangoitana kamodzi.

"Halo?" anatero amayi, mawu ali m'mwamba ngati mmene ankayankhira ahedi akusukulu.

A Chandamale anali ataima kumbuyo kwanga, akukonza fani yathu ija imene inkangozungulira mbali imodzi. Ndinayang'ana pepala langa. "Mwadzuka bwanji, mayi? Takulandirani ndi manja awiri ku sabata yanu yaulere. Kodi mungandiuze chimene chikukuvutani m'thupi?"

Ndinamva amayi akuseka chapansipansi.

"Zikomo, mayi," anatero. "Koma ndiye muli ndi mawu okoma. Makolo anu anakulerani bwino. Chondivuta ine ndi mawondo, komanso mwana wanga wamkazi amene foni yake ili ndi matenda osayankha. Kaya muli nawo masewera ochiza zimenezo?"

Ndinawayankha monga mwa pepala, kuti tili ndi mavidiyo oposa zana. Iwo anati azikaonera. Kanyali katafiira ndinawafunira sabata yopambana, iwo n'kundifunira ntchito yabwino.

Ndinadzamva pambuyo pake mmene zinayendera. Pafupi ndi nyumba ya amayi pali telala amene amasoka pakhonde la golosale. Iyeyo ndi amene anaona chilengezo chathu pafoni yake yaikulu, n'kuwerengera amayi kuti olowa kumene amaimbiridwa ndi munthu. Amayi anafunsa ngati munthuyo angakhale ine. Telala anati mwina, poti tilipo ochepa. Anawalembetsa, n'kuika nambala ya kafoni kawo kamabatani, kamene sikangaonetse vidiyo ngakhale utakapempherera. Ndipo poti kompyuta inkapereka anthu a dera limodzi kwa woimba mmodzi, anagwera kwa ine.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinawanyengerera kuti alipire, iwo anati akaganiza kaye. Patapita sabata ziwiri, kompyuta inaimba nambala yachilendo, koma halo wake anali yemwe uja. Inali foni ya telala. Kenako inadzakhala ya mkazi wa telala. Masiku oimbiridwa, amayi ankasamba m'mamawa n'kukakhala pabenchi la telalayo, foni ya eni ake ili pamiyendo, mpaka iitane.

Anaphunzira msanga kuti mphindi ndi zinayi. Mayi amene sankatha kupereka moni osakwana theka la ola anayamba kulemba nkhani zawo kuseri kwa envulopu, kuti asataye nthawi. Ndikafunsa kuti ululu uli pati kuyambira pa wani mpaka teni, ankati uli pa seveni, ndipo denga lakonzedwa, ndipo mapapaya a kuseri apsa koma wodya palibe. Ndikafunsa ngati akutsatira masewera, ankati kwambiri, ndipo kodi inu mayi mukudya mokwanira, chifukwa mawu anu akumveka ngati a munthu wogona ndi tiyi.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti mafoni amenewo ndinayamba kuwakonda. Anali ndi polekezera. Kanyali kankandidulira amayi popanda ine kukhala mwana wamwano. Ndipo madzulo ndikaona kuti sanaimbe, ndinkadziuza kuti talankhulana kale.

Koma a Chandamale ankamvetsera zojambulidwa Lachisanu lililonse. Anandiitanira m'kaofesi kawo kagalasi, n'kundiseweretsera mafoni atatu motsatizana. Mawu a amayi anadzaza kachipindako, akunena za mapapaya. Anzanga kunja ankanamizira kulemba, makutu ali kuno.

Bwana sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifunsa modekha ngati ndikudziwa kuti munthu mmodzi amaloledwa ulere kamodzi kokha. Anati mphindi zimene ndinkacheza ndi kwathu zinali za makasitomala enieni, ndipo wina akhoza kuganiza kuti ndikulembetsa abale dala kuti ndizioneka wotanganidwa. Nambala zitatu zija anazitseka pomwepo, ine ndikuona. Anamaliza ndi kunena kuti zikadzachitikanso, pakhomo pali anthu ambiri amene akufuna mpando wanga.

Nthawi ya nkhomaliro ndinapempha foni yanga n'kutsikira pamasitepe, pomwe pamanunkha mphira ndi girisi. Kanali koyamba m'miyezi iwiri kuwaimbira amayi ndi dzanja langa, ndipo ndinawaimbira kuti ndiwakalipire. Anayankha mosangalala, akunditchula dzina la paubwana. Ine sindinawapatse n'komwe moni.

"Amayi, mukufuna ndichotsedwe ntchito? Zaulere munadya kale, zinatha. Kuntchito kuno si kocheza. Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

Pansi anyamata a matayala ankamenya chitsulo, moti ndinatseka khutu linalo kuti ndimve yankho.

"Ndamva, mwana wanga," anatero. "Sindinadziwe kuti ndikuba. Pepa."

Ndinkayembekezera kuti adzitchinjiriza, kuti tikangane, mtima wanga uphwe. Iwo anangondifunsa ngati ndadya, n'kudula okha.

Lolemba lotsatira a Chandamale analiza kabelu kamene ankaliza wina akakopa membala wolipira. Anatchula ine. Anzanga anaomba m'manja mwaulesi monga mwa nthawi zonse. Nditayang'ana pakompyuta ndinaona nambala ya amayi, ya kafoni kamabatani kaja. Khomo la ulere linali lotseka, koma la olipira silitsekedwa. Bwana anandigwira paphewa n'kunena kuti mwaona, nyambo imagwira ntchito.

Maganizo a amayi anali olunjika, a munthu amene wakhala moyo wake wonse akugula zinthu pamsika. Anauza telala kuti ngati wosalipira amaimbiridwa kawiri pasabata, ndiye kuti wolipira aziimbiridwa tsiku lililonse, ndiponso mosaba, mwana wawo osachita manyazi. Telala naye anaona kuti n'zomveka. Panalibe wowauza kuti kukampani kwathu zinali mwa mtundu wina. Wolipira sitinkamuimbira ngakhale kamodzi. Nsomba ikalowa m'dengu, ndani amaipatsanso nyambo?

Wowauza analipo, ndinali ine. Ndinadziwa tsiku lomwelo chimene akudikira. Koma kuwauza kunkafuna kuti ndiyambe ndapepesa za pamasitepe paja, ndipo pakamwa panga, pamene pankapepesa alendo tsiku lonse chifukwa cha mavidiyo osatseguka, pankalemera pa amayi anga. Ndinati ndipita Loweruka, tikakambirane pamaso. Loweruka limenelo kunagwa mvula. Lotsatira ndinali ndi zochapa. M'miyezi itatu ndinawaimbira kawiri, mwachidule, ndipo nkhani ya umembala sitinaikhudze. Iwo anasiyiratu kundiimbira, kuopa kundisokoneza.

Telala akuti m'mawa uliwonse ankaika mpando pafupi ndi windo, pamene netiweki imagwira bwino, kafoni kali pafelemu. Cha m'ma foloko ankakachotsa n'kunena kuti lero anthu anachuluka, mwina mawa.

Kutupa kuja sikunali kwa mawondo. Unali mtima. Anagwa Lachitatu m'mawa akusesa pakhomo, ndipo telala ndi mkazi wake ndi amene anathamanga nawo kuchipatala. Anandiimbira kasanu ndi kawiri. Foni yanga inali m'kabasiketi ka a Chandamale, ine ndili kalikiliki kulandira anthu ndi manja awiri. Pamene ndinkaitenga madzulo, uthenga womaliza unali wakuti ndisathamangirenso kuchipatala.

Za maliro sindinena. Titatha zonse, ndikulongedza m'nyumba, ndinapeza kafoni kaja pawindo, pansi pake pali envulopu. Kuseri kwake kunali mndandanda wa zolemba zawo zopendama. Denga layambanso. Mkazi wa telala ali ndi pakati. Miyendo yafika pa naini. Afunse ngati amadya. Mizere ina inali yofufutidwa, nkhani zitakalamba zisananenedwe, n'kulembapo zatsopano pamwamba. Ndinaika zonse ziwiri m'chikwama changa. Kafoniko ndinkakatchaja masiku atatu alionse, osadziwa chifukwa chake, ndipo m'kabasiketi sindinkakaika, poti kwa ine sikanalinso foni.

Ndinabwerera kuntchito patatha sabata. A Chandamale anandipepesa ndi mtima woona, anandigulira ngakhale mpando wabwinoko. Patapita mwezi ndi theka anabwera ndi pepala latsopano, lapulasitiki ngati loyamba lija. Anati tsopano tiziimbiranso mamembala amene anasiya kulipira, tiziwakopa ndi mwezi wathunthu waulere. Anatiwerengera mawu ake mokweza kuti timve kakomedwe kake.

Linali Lachiwiri, cha m'ma teni, dzuwa likuwomba pakhoma la matayala akale kunja kwa windo. Ndinali nditangomaliza ndi bambo wina amene anandiuza kuti msana wake unachira wokha. Kompyuta inaimba nambala yotsatira. Ndisanaiwerenge, pansi pa desiki panga panayamba kulira kanyimbo kaja ka mafoni amabatani, kosamveka bwino chifukwa cha nsalu ya chikwama.

Mnzanga wa desiki yoyandikana anasuzumira, kufuna kudziwa amene wabisa foni. Ataona nkhope yanga anabwerera mwakachetechete.

Lamulo linali lakuti foni iitane kasanu ndi kamodzi tisanadule. Ndinakhala manja ali pamiyendo, m'makutu mukuitana, kumapazi kukulira. Pepala linali patsogolo panga, ndipo mzere woyamba unali wakuti: Takusowani kwambiri, tikufuna mubwerere. Ndinauwerenga mokweza, ngakhale panalibe woyankha, ndipo unajambulidwa monga zina zonse. Ndinalira pamenepo, kulira koipa kwa munthu wamkulu, kamwa lili lotseka kuti makasitomala a anzanga asamve.

Kuitana kutatha, pakompyuta panabwera kabokosi kofunsa zotsatira. Panali zosankha zinayi: wavomera, wakana, achotsedwe m'kaundula, aimbiridwenso mawa. Ndinkadziwa yoyenera, ndipo ndinkadziwa kuti Lachisanu a Chandamale adzamvetsera. Kompyuta imalola kuimbiranso munthu katatu kokha, kenako imamuchotsa yokha.

Ndinasankha kuti aimbiridwenso mawa. Kenako ndinawerama, n'kutulutsa kafoni kaja kuti ndione ngati batire lifika mawa.