Mzere Wosalala wa Everson

Everson atabwera kutchuthi kuchokera ku Ulaya, anakwera chitunda cha ku Chilomoni kudzaona Bashiru, mnzake wa ku koleji. Onse awiri anafunsira mwayi umodzi wokapitiriza maphunziro kunja. Anatengedwa Everson, ndipo Bashiru anatsala akuphunzitsa fizikisi pasukulu ina yapulaiveti.

Safiya, mkazi wa Bashiru, anatulutsa makapu a alendo amene mwamuna wake anali asanamwerepo.

"Alamu, kunenepa kotereku, kumeneko mumapuma mpweya wa mafuta?" anatero Safiya.

Everson anaseka, natsegula laputopu pakhonde pomwepo. Anafotokoza kuti ankayeza kachidutswa ka maginito kopyapyala zedi, ka maatomu oyalidwa kamodzi kokha osasanjikizana. Akakaziziritsa kwambiri, n'kumakatenthetsa pang'onopang'ono, pamafika mlingo wina pamene kamataya mphamvu yake.

"Koma amwene, pamenepo makina amachita misala," anatero akuloza pagalasi la laputopuyo. "Taonani phokosoli. Mzere ukunjenjemera ngati minibasi ya ku Bangwe. Inu ndinu munali katswiri wosalaza mizere m'kalasi mwathu. Ndithandizeni ndisanatumize lipotili kwa apulofesa anga."

Bashiru anayang'anitsitsa. Phokosolo linkakula pamlingo womwewo ulendo uliwonse, n'kuzilala kutentha kukapitirira. Makina owonongeka sasankha malo chotero. Amene ankanjenjemera anali maginito eniakewo: akayandikira kusintha, maatomu ake amagwedezeka m'magulumagulu, osadziwa koloza. Chimene Everson ankafuna kusesa ngati zinyalala ndicho chinali mtima wa kafukufuku yense.

Mawu anafika pamlomo. Koma Safiya anali akufunsa mlendoyo ngati chipale chofewa chimagwadi ngati ufa, maso ali mbee, ndipo Bashiru anaganizira dzina la Everson likutchulidwa m'misonkhano ya akatswiri, iye ali pabolodi, choko chili m'tsitsi. Anameza mawu aja, nakokera laputopu pamiyendo pake.

Anagwira ntchitoyo mosamala, monga ankachitira chilichonse. Anadula nsonga zonse za phokosolo mpaka mzere unatsika mwaulemu, wopanda kabampu n'kamodzi komwe.

"Manja amenewa akungoonongeka ndi choko," anatero Everson, akulemba kenakake mofulumira. "Ine ndakhala ndikudandaula mmene zinathera zija, amwene. Dzina lanu ndaliika pambali pa langa pa lipotili, ndipo ndanena poyera kuti kukonza mzere konse ndi ntchito ya Bashiru Yusuph wa ku Chilomoni. Apulofesawo amasanthula kadontho kalikonse, akudziwani basi."

Bashiru anatambasula dzanja kuti amuletse, koma mnzakeyo anali atadina kale batani lotumizira.

Safiya anawomba m'manja, nagunda mwamuna wake ndi chigongono.

"Nanga bambo, simuthokoza?"

"Zikomo," anatero Bashiru chapansipansi, maso ali pamzere uja.