Unyolo wa Konstebo Whiteson

Kale ku Feira ogwira olakwa tinali ife mamesenjala a Boma. Munthu tinkam'manga chingwe m'chiuno, manja n'kum'siyira kuti azisenza katundu ndi kupalasa bwato. Koma mu 1956 anatitumizira Konstebo Whiteson wa ku Lusaka, nsapato zili waliwali, unyolo wachitsulo ukulira pa lamba. Chingwe chathu anati n'chachimidzi.

Mlandu wake woyamba unali wa Dismas wa kwa Mphuka, amene anapha mvuu popanda chilolezo itam'thera chimanga. Bwana DC ananeneratu kuti Whiteson akabwera chimanjamanja ntchito yam'thera. Ine Yoram ndinati ndim'perekeze, Whiteson anakana.

Anapita wapansi, nam'peza Dismas akuyanika nyama, nam'manga manja. Pobwerera nsapato zija zinali zitam'tupitsa mapazi, choncho analamula kuti atsike ndi Zambezi pa bwato. Ali pakati pa madzi m'pamene anakumbukira kuti kupalasa sadziwa. Bwato linazungulira kawiri ngati galu wofuna pogona.

"Bwana, ng'ona za kuno siziopa Boma," anatero Dismas. "Nimasuleni manja, nikufikitseni bwino."

Anam'masula. Dismas anapalasa mokoma mpaka mkuluyo anayamba kuwodzera. Podzidzimuka, nyumba za Boma zinali kumbuyo, bwato likuyandikira Zumbo, m'dziko la Apwitikizi. Padooko panali asipayo awiri, apolisi akumeneko, zikoti zili m'manja.

"Wapolisi wa Angelezi akaponda pano amam'peleka ku Tete, ndipo sabwelako msanga," ananong'ona Dismas. "Vulani vonse, muponye m'madzi. Nizakamba kuti ndimwe wanchito wanga."

Whiteson anayang'ana zikotizo. Chipewa, malaya, nsapato, unyolo, zonse zinamira. Anatsika ali ndi kabudula wamkati, Dismas n'kum'senzetsa dengu la nsomba limene linali m'bwato.

"Uyu ni ndani?" anafunsa sipayo wamkulu.

"Kambani mweka," anatero Dismas.

"Ndine wanchito wao," anayankha Konstebo Whiteson, madzi a nsomba akum'tsikira m'khosi.

Asipayo anawasiya, ndipo dzuwa litapendeka Dismas anam'wolotsa Luangwa, nam'tsitsa pamchenga wa ku Feira, iye n'kubwerera kutsidya kumene anali ndi abale ake. Ine ndinali pomwepo, ndipo chisoni chinandigwira, koma pang'ono. Ndinam'patsa bulangete langa kuti afunde, anakana. Anakwera chitunda cha ku Boma momwemo, amayi otunga madzi akum'patukira njira mwaulemu, ndipo Bwana DC anali pakhonde akudikira mkaidi.