Zibowo pa Ng'oma za Mayi Telala

Mkati mwa sabata mayi telala ankasoka zovala, koma Loweruka ankaimba ng'oma m'bandi ya maukwati. Kunyumba analibe ng'oma zenizeni poti khoma lawo linali limodzi ndi la aneba. Ankayeserera pa timbale tisanu ta labala, tija ukamenya timangoti pha pha pha ngati ukukutumula bulangete.

Kwa masabata atatu anakhala akulimbana ndi ntchito yosandutsa timbaleto kukhala ng'oma zamagetsi. Anagula timasensa tisanu, tizitsulo topyapyala tomva kugunda, ndi kabokosi kakale kosandutsa kugundako kukhala kulira kwa ng'oma m'mahedifoni. Siponji yotchingira timasensato anaidula okha ndi sizasi, iliyonse ndi muyeso wake. Timbale tiwiri anali atamaliza ndipo tinkalira mokoma. Titatu totsalato anatisiyira Lachisanu.

Lachinayi poweruka, atangotsegula chitseko, anakumana ndi fungo la labala wopserera. Analowa kuchipinda chikwama chili paphewa. Timbale tonse tisanu tinali titabooledwa pakati. Timasensa tinali titamatidwa ndi guluu wouma gwa, siponji zawo zija zili mbwee pansi.

Amuna awo anafika pakhomo la chipindacho akumwetulira.

"Mwaona, mayi? Mng'ono wanga anabwera masana. Ndinamuuza kuti akumalizireni, paja iye ndi wokonza mawailesi."

Mayi telala anavala mahedifoni n'kutola timitengo. Kumenya ng'oma yaing'ono, kunalira chimbale chachitsulo. Kuponda ya kuphazi, zii. Kumenya yachitatu, zonse zinalira pamodzi ngati mapoto agwa pashelefu.

Anavula mahedifoniwo pang'onopang'ono.

"Bambo, ndinakudandaulirani kuti ntchitoyi yandikanika?"

"Aa, ayi. Koma nanga zamawayazi, ndimati mungadzipweteke."

"Ndingadzipweteke? Mota ya makina anga ikafa amakonza ndani? Ayironi ija munkati titaye anaidzutsa ndani? Mng'ono wanuyo?"

"Mayi, mnzanuyo wachita mwachikondi."

"Chikondi chake choboola? Ziwiri zinali zitatha kale, bambo! Zinkalira! Nazonso waziboola!"

Bamboyo anakanda m'mutu n'kubwerera chambuyo ngati waponda moto.

M'mawa mwake mayi telala sanatsegule shopu yawo. Analunjika kwa mlamu wawo uja, ku kakhumbi kopanikizika pakati pa wometa ndi wosula makiyi. Patebulo panali TV yotsegulidwa kumbuyo, mawaya ali lendelende. Mwini wake, mkulu wina wa magalasi, anali pabenchi kudikira.

"Alamu!" wokonza mawailesiyo anafuula mokondwa. "Zikulira bwanji? Zija munapanga inu zinali zachibwana, ndachita kuyambiranso."

Mayi telala anakoka mpando wa mlamu wawoyo n'kukhalapo. Anatulutsa sizasi m'chikwama, n'kusonkhanitsa mawaya a TV ija pakati pa mano a sizasiyo.

"Alamu, mukutani? Ya kasitomala imeneyo!"

"Ndikukuthandizani. Mawayawa atalika. Paja ine ndi telala, kufupikitsa ndiye ntchito yanga."

Mkulu wa magalasi uja anadzambatuka. "Iii, mayi, ine ndalakwanji?"

"Inu khalani pansi, bambo. Awa akudziwa." Anatembenukira kwa mlamu wawo. "Zikukupwetekani eti? Munthu kugwira zinthu zanu osapempha?"

"Koma achimwene ndi amene anati..."

"Achimwene anuwo amaimba ng'oma? Sensa siimatidwa ndi guluu wouma, imafa makutu. Ndipo popanda siponji, ukamenya imodzi zonse zimamva. Ine ndaphunzira zimenezi masabata atatu. Inu mwangobwera ndi choboolera ngati mukukhoma denga!"

Wometa ndi kasitomala wake, mutu uli wometedwa theka, anali atasuzumira kale pakhomo. Mlamuyo anayang'ana pansi, thukuta lili kamukamu.

Mayi telala sanawadule mawayawo. Koma mkwiyo unali udakali m'manja, ndiye anaimirira, nagwira jasi la ntchito la mlamuyo lomwe linali pamsomali, n'kudula mkono umodzi kuyambira paphewa. Anauika patebulo bwinobwino.

"Unatalika. Musathokoze, ndachita mwachikondi."

Wometa anaseka mpaka kugwira khoma.

Mayi telala anachoka ndi timasensa titatu tatsopano, tokhato timene mlamuyo anali nato, pamodzi ndi chowotcherera mawaya chake. Kunyumba, tsiku lonse anakhala akupala guluu ndi kampeni, akutukwana chamumtima. Timbale titatu tinapulumuka. Tiwiri tinang'ambika kuyambira pachibowo, ndipo kamodzi mwa ito kanali kaja anayamba kuphunzirirapo ali mtsikana. Anagwira kambaleko kanthawi, kenaka n'kukaponya m'katoni.

Amuna awo anagogoda kawiri kufunsa ngati angagwireko waya. Kachiwiriko anawauza kuti akagwire tsache asese siponji.

Ku ukwati wa Loweruka, woimba gitala anawanong'oneza kuti achepetseko dzanja, ng'omazo n'zobwereka. Sanachepetse.

Patatha sabata, bamboyo anabwera ndi jasi lija m'pepala, mkono wodulidwa uja uli m'thumba la jasilo.

"Akuti mumusokereko, mayi. Anthu akumuseka."

Mayi telala analandira, nanyamula mulu wonse wa zovala zodikira kusokedwa, n'kuika jasilo pansi penipeni.

"Mukamuuze kuti pali mzere."